Ana anga awiri anamwalira asanakwane sabata: kodi kuyeza magazi kungapulumutse amene ndikuyembekezerayu?

Funso:

Adokotala, ndine mayi wa zaka 27, ndimakhala kufupi ndi Ngabu m'boma la Chikwawa. Mwana wanga woyamba ndi wamkazi, ali ndi zaka zisanu ndipo alibe vuto lililonse. Opondana naye awiri, onse aamuna, anandisiya asanakwane sabata. Onse anabadwira kuchipatala, anabadwa onenepa, analira bwino, n'kuyamwa bwinobwino masiku awiri. Likafika tsiku lachitatu ankayamba kukana bere, kusanza, kungogona, kupuma mofulumira, kenako kukomoka. Malungo sanawapeze nawo. Anatiuza kuti mwina ndi tizilombo m'magazi, anawabaya jakisoni ndi kuwaika dripi, koma sizinathandize. Kuchimuna akuti ndi tsempho, ena akuti mkaka wanga ndi woipa. Amuna anga ndi msuweni wanga, mwana wa amalume. Pano ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, ndikuyembekezera kuchira mu Januwale. Mphwanga amene akuphunzira unamwino wandiuza kuti pali matenda akumtundu amene amapezeka akayeza magazi a khanda. Kodi n'zoona? Amayeza kuti? Nanga angandiyeze ineyo panopa mwana asanabadwe? Tulo sindikuliona.

Mayi wa ku Ngabu

Yankho:

Mayi, pepani kwambiri. Kuika ana awiri motsatizana mawere akadali odzaza ndi chisoni chimene munthu sangachichepetse ndi mawu. Koma mwachita bwino kulemba panopa, kukadali miyezi itatu, chifukwa pa nkhani ngati yanuyi mwana amapulumuka ndi zimene zakonzedwa iye asanabadwe.

Mphwanu wakuuzani zoona. Matendawa alipo, ndipo ambiri mwa iwo amapezekadi poyeza magazi ndi mkodzo. Sindinganene kuti ndi amene anatenga ana anu, popeza dokotala sapeza matenda pa kalata. Chimene ndinganene n'chakuti nkhani yanu, momwe mwaifotokozeramu, ndi imene imamuchititsa dokotala wa ana aliyense kuika cholembera pansi n'kumvetsera bwino: mwana wobadwa wathanzi, kuyamwa bwino masiku awiri, kenako kufooka mwadzidzidzi, ndipo zomwezo kuchitika kawiri m'nyumba imodzi.

Ndiyambe ndi za mkaka, chifukwa ndikudziwa kuti mawu amenewo ndi amene akukupwetekani. Mawere omwewo ndi amene analera mwana wanu wamkazi uja mpaka lero akuthamanga pabwalo. Mkaka wanu ulibe chilema. Za tsempho sindilimbana ndi akuluakulu, koma pa zaka zimene ndagwira ntchito ndi ana kuchigwa kuno ndi ku Blantyre, ndaona mabanja akupasuka chifukwa cholozana zala pa imfa imene chiyambi chake chinali m'thupi la mwana kuyambira tsiku limene mimba inaima. Palibe chimene inu kapena amuna anu munachita kapena kulephera kuchita.

Achipatala atanena za tizilombo m'magazi sanalakwe kuganiza choncho. Makanda ambiri amene amakana bere n'kufooka m'sabata yoyamba vuto lawo limakhala limenelo, ndipo ine ndemwe ndikanayambira pomwepo. Palinso zina zofala zimene ziyenera kufufuzidwa pa mimba inoyi: chindoko, chimene amayeza kusikelo ndipo chimachizika ndi jakisoni wa penicillin, kusagwirizana kwa gulu la magazi a mayi ndi a mwana, matenda a shuga mwa mayi, komanso mtima wa mwana wosaumbika bwino. Onetsetsani kuti m'buku lanu la kuchipatala mwalembedwa zotsatira za chindoko, HIV ndi gulu la magazi anu. Vuto ndi lakuti matenda akumtundu amene tikukambawa amaoneka chimodzimodzi ndi tizilombo m'magazi. Ndi maso okha palibe angasiyanitse, ngakhale dokotala wamkulu bwanji. Nthawi zina mwana amakhala nazo zonse ziwiri.

Kuti mumvetse, ganizirani za fakitale ya shuga ya ku Nchalo. Nzimbe ikalowa imadutsa m'makina ambiri motsatana: ena amadula, ena amafinya, ena amaphika, mpaka shuga atuluke. Makina amodzi okha atati aime pakati, nzimbe zikupitirirabe kubwera, kumbuyo kwake kungaunjikane zinthu n'kuyamba kusasa, kutsogolo kwake shuga osatuluka. Thupi nalo limasandutsa chakudya kukhala mphamvu ndi mnofu kudzera m'masitepe ambirimbiri, makamaka m'chiwindi, ndipo sitepe iliyonse ili ndi kantchito kake kotchedwa enzyme. Mwana akabadwa enzyme imodzi ikusowa kapena ili yofooka, zimene zimayenera kugayidwa zimaunjikana m'magazi n'kusanduka poizoni, mphamvu imene imayenera kutuluka n'kuperewera. Ali m'mimba savutika, chifukwa nsengwa imatenga zoipazo n'kuzipereka m'magazi a mayi, chiwindi ndi impso za mayi n'kuzichotsa. N'chifukwa chake amabadwa wonenepa ndi wokongola. Mchombo ukadulidwa, iye n'kuyamba kuyamwa, ntchito yonse imatsalira thupi lake, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu poizoni uja amakhala wafika ku ubongo.

Matenda a mtundu umenewu odziwika ndi oposa 1,000. Lililonse palokha ndi losowa, koma onse pamodzi ofufuza amayerekeza kuti amagwira mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 2,000 obadwa. Nditchula okhawo amene akugwirizana ndi nkhani yanu.

Oyamba amene ndikuwaganizira ndi a ammonia. Thupi likagaya zakudya zomanga thupi, monga zimene zili mu mkaka, pamatsala ammonia, amene chiwindi chimamusandutsa urea n'kutuluka ndi mkodzo. Njira imeneyi ikatsekeka, ammonia amakwera, ndipo zizindikiro zake ndi zomwe mwalembazi: kusanza, tulo tosadzuka, kupuma mofulumira, kukomoka, kawirikawiri popanda kutentha thupi. Achiwiri ndi amene asidi amachuluka m'magazi, monga methylmalonic acidaemia ndi propionic acidaemia. Palinso ena otchedwa MSUD amene mkodzo wa mwana umanunkha ngati shuga wopserera pamoto. Ngati munamvapo fungo lachilendo pa matewera a ana aja, likumbukireni mukawauze madokotala. Ndiye pali galactosaemia, pamene mwana amalephera kugaya shuga wa mu mkaka. Ameneyu amabwera ndi chikasu, chiwindi chotupa, nthawi zina ng'ala m'maso, ndipo amagwidwa msanga ndi tizilombo totchedwa E. coli. Matendawa anapezeka kuti alipo ndithu pakati pa anthu akuda a ku South Africa, choncho si nthenda ya azungu okha monga ena amaganizira. Lina loyenera kulitchula ndi CAH, vuto la tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso. Mwana amataya mchere wambiri mu mkodzo n'kufooka, kawirikawiri m'sabata yachiwiri kapena yachitatu. Mwa atsikana limadziwika msanga chifukwa kumaliseche kumaoneka mwachilendo, koma anyamata amaoneka abwinobwino mpaka tsiku logwa.

Tsopano za kumtundu. Chilichonse cha m'thupi mwathu chili ndi malangizo ake olembedwa mu DNA, ndipo timalandira makope awiri, lina kwa bambo, lina kwa mayi. Munthu akhoza kukhala ndi kope limodzi lolakwika moyo wake wonse osadwala, chifukwa linalo likugwira ntchito. Tonsefe tili nawo makope otere angapo osadziwa. Mwana amadwala akalandira lolakwika kuchokera mbali zonse ziwiri. Makolo onse akakhala onyamula, pa mimba iliyonse mpata woti mwana adwale ndi umodzi mwa inayi, ndipo woti asadwale ndi itatu mwa inayi. Mimba iliyonse imayambiranso payokha. Kuti awiri anadwala sizikutanthauza kuti wachitatu adwalanso, komanso sizikutanthauza kuti tsoka latha. Asuweni amachokera kwa agogo amodzi, ndiye mpata woti onse anyamule kope lolakwika lofanana ndi wokulirapo kuposa anthu osadziwana. Komabe maukwati ambiri a pachisuweni amabereka ana athanzi, ndipo ndaonapo matendawa mwa makolo amene wina ndi wa ku Nsanje wina wa ku Karonga. Musalole kuti nkhaniyi ikhale chifukwa chothetsera banja.

Pali chinthu china m'kalata yanu chimene sindingachilumphe: omwalirawo onse ndi aamuna, wamoyo ndi wamkazi. Zikhoza kungochitika. Koma nthenda yofala kwambiri mwa matenda a ammonia aja, yotchedwa OTC deficiency, imayenda kudzera mwa amayi ndipo imagunda kwambiri ana aamuna. Ikakhala imeneyo, mwana wamwamuna aliyense ali ndi mpata theka woti adwale, pomwe atsikana ambiri sadwala kapena amadwala pang'ono. Choncho khalani pansi ndi amayi anu, abale aakazi a amayi anuwo ndi agogo akuchikazi ngati alipo, muwafunse mofatsa ngati kunali ana aamuna amene anamwalira ali m'chikuta. Akuluakulu sakonda kuwerenga ana otere, ena sanapatsidwe n'komwe dzina, koma yankho lawo ndi lamtengo wapatali kuposa mayeso ena a mu labotale. Inunso dzifunseni: kodi nyama, nsomba kapena mazira ambiri zimakudwalitsani mutu kapena kukusanzitsani? Kodi mutangochira pa mimba zapitazo munasokonezekapo maganizo kapena kugona mosadzuka? Ngati ndi choncho muwauze madokotala, chifukwa mayi wonyamula nthendayi naye ammonia akhoza kumukwera m'masiku otsatira kubereka.

Mwafunsa ngati angakuyezeni panopa. Magazi anu atayezedwa mwa nthawi zonse adzaoneka abwinobwino, chimodzimodzinso a amuna anu. Sikani ya mimba ndi yofunika, imaonetsa kukula kwa mwana, mtima wake, ndiponso ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi, koma matendawa saoneka pa sikani. Kumaiko kumene zipangizo zilipo amatha kutenga kachidutswa ka nsengwa mimba ili ndi masabata 11 mpaka 14, kapena madzi a m'chiberekero kuyambira masabata 15, n'kuyeza DNA ya mwana. Koma zimenezi zimatheka akadziwa kale malo enieni olakwika kuchokera kwa mwana amene anadwala. Kwa inu palibe magazi a ana aja amene anasungidwa. Kuyeza DNA ya makolo n'kotheka, koma magaziwo amapita kunja, mtengo wake ndi waukulu, zotsatira zimatenga masabata ambiri, ndipo nthawi zina sizipereka yankho lomveka. Ine maganizo anga ndi akuti mphamvu ndi kandalama kamene muli nako muzisungire masiku oyambirira a mwana akabadwa.

Kuyeza makanda kunayamba ndi dokotala wa ku America, Robert Guthrie, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Iye anapeza njira yobaya mwana kuchidendene, kudonthezera magazi pa kapepala kapadera, kukaumitsa, n'kukatumiza ku labotale kukayeza nthenda ya PKU, imene Asbjørn Følling wa ku Norway anaizindikira mu 1934. PKU sipha m'sabata yoyamba, imaononga ubongo pang'onopang'ono, ndipo mwa anthu akuda ndi yosowa kwambiri. Kuyambira m'ma 1990 kunabwera makina otchedwa tandem mass spectrometry, amene pa dontho limodzi lomwelo amatha kufufuza matenda oposa 30 nthawi imodzi. Kapepalako mwina munakaonapo: ndi kofanana ndi kamene anamwino amadonthezerapo magazi a ana obadwa kwa amayi amene ali ndi HIV akakwana masabata asanu ndi limodzi. Kapepala n'kamodzimodzi, koma zimene amayezapo n'zosiyana, ndiye mwana amene anatengedwa magazi a HIV asaganiziridwe kuti anayezedwanso matenda enawa. Ku Ulaya, ku America ndi maiko ena mwana aliyense amayezedwa asanathe sabata. Kuno ku Malawi ndondomeko yoyeza makanda onse matendawa kulibe. Amayezedwa yekhayo amene dokotala wamukayikira, ndipo dokotala sangakayikire ngati sanamve mbiri ngati yanuyi.

Musaganize kuti zonse zimafuna makina a kunja. Mayeso oyambirira ndi wamba. Shuga wa m'magazi amayezedwa ndi kamakina kam'manja kaja, ndipo kwa khanda akatsika pansi pa 2.6 mmol/L ndiye kuti pakufunika kuchitapo kanthu msanga. Kuwerenga magazi, kuyeza mchere wa sodium ndi potassium, kuyeza chiwindi ndi impso, zonsezi labotale ya chipatala chachikulu cha boma imatha ngati mankhwala oyezera alipo. Sodium akatsika potassium n'kukwera mwa mnyamata wa masabata awiri, timaganiza za CAH nthawi yomweyo. Mkodzo nawo umalankhula. Kamzere koviika mu mkodzo kakaonetsa ma ketone, amene ndi zotsalira thupi likagaya mafuta, mwa mwana wa masiku ochepa, si zachibadwa, n'chizindikiro cha matenda a asidi aja. Palinso mayeso akale kwambiri a Benedict, ophika mkodzo ndi mankhwala a buluu: mkodzo ukasintha mtundu pomwe kamzere ka shuga wamba sikakuonetsa kanthu, timakayikira galactosaemia. Amenewa ndimawakonda chifukwa ndi otsika mtengo, koma achinyamata ambiri a mu labotale masiku ano anawaiwala, amafunika kuwakumbutsa.

Gawo lachiwiri ndi la mumzinda: kuyeza asidi ndi mpweya wa m'magazi, asidi wina wotchedwa lactate, ndi ammonia. Gawo lachitatu, limene limatchula dzina lenileni la nthenda, ndi kuyeza ma amino acid m'magazi, ma organic acid mu mkodzo, ma acylcarnitine pa kapepala kaja, mphamvu ya enzyme imene ikukayikiridwa, kenako DNA. Zimenezi kawirikawiri zimatumizidwa ku South Africa, kumene kuli ma labotale odziwa ntchitoyi monga a ku Cape Town ogwirizana ndi chipatala cha ana cha Red Cross, ndi a ku North-West University ku Potchefstroom. Zimayenda kudzera mwa madokotala a ana a ku Queen Elizabeth, ku Gulupu kuja, kapena ma labotale olipira a mu Blantyre, ndipo banja limayenera kukonzekera kulipira. Mtengo mukaufunse komweko, chifukwa umasintha ndi kugwa kwa kwacha.

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndikupemphani muwerenge kawiri. Mayesowa amadalira kwambiri nthawi imene magazi atengedwa ndi momwe asungidwira. Magazi oyezera ammonia amatengedwa mu mtsempha mosafinya, amaikidwa pa ayezi, ndipo ayenera kufika pa makina pasanathe mphindi 30. Akachedwa, ammonia amakwera yekha m'botolo ndipo zotsatira zimakhala zabodza. Ndiye kuti magazi otere sangachoke ku Ngabu, kudutsa pa Thabwa n'kukwera mapiri mpaka ku Blantyre. Woyenera kukhala pafupi ndi makinawo ndi mwanayo. Kapepala kaja nako kali ndi malamulo ake. Kwa mwana wosadwala magazi amatengedwa pakati pa maola 48 ndi 72 atabadwa, atayamwa kale, chifukwa akatengedwa tsiku loyamba zoipa zija zimakhala zisanaunjikane. Kamaumitsidwa chogona pamthunzi maola atatu kapena anayi, osati padzuwa, osati pafupi ndi moto, ndipo sikaikidwa m'pulasitiki kasanaume. Kutentha ndi chinyezi zimapha ma enzyme a m'magazi oumawo. Kuchigwa kuno kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, ndiye Januwale n'kubwera ndi chinyezi chake, kapepala kakagona masiku angapo m'kabati kapena m'galimoto kakhoza kuonetsa galactosaemia mwa mwana amene alibe. Mkodzo woyezera ma organic acid umafunika kuuziziritsa mpaka kuuma gwa mufiriji, ndiye muganizirenso za kuthimathima kwa magetsi.

Mwana akadwala, magazi abwino kwambiri ndi otengedwa nthawi yomweyo akudwalayo, dripi isanayende nthawi yaitali, chifukwa akasiya kuyamwa n'kulandira shuga wa mu dripi zizindikiro za m'magazi zimayamba kubisala. Izi sizikutanthauza kuchedwetsa chithandizo, ayi. Namwino amatenga magazi ndi mkodzo pomwe akuika dripipo. Chinanso: ngati mwana akufunika kuwonjezeredwa magazi, kapepala kadonthezeredwe kaye asanalandire. Akalandira, magazi a munthu wina aja amaphimba vuto, ndipo enzyme ya galactosaemia singayezedwe molondola mpaka patapita miyezi itatu kapena inayi.

Zotsatira za kapepala zikabwera zokayikitsa, sindiye kuti mwana ali ndi nthenda. Ndi chenjezo loti ayezedwenso ndi mayeso otsimikiza. Ana obadwa masiku asanakwane, odwala kwambiri kapena amene kapepala kawo kanatenthedwa amatulutsa zotsatira zokayikitsa kawirikawiri. Zikabweranso zabwino sindiye kuti matenda onse 1,000 aja achotsedwa. OTC deficiency, mwachitsanzo, kapepala kamatha kuiphonya, n'chifukwa chake kwa mwana wanu ndikulimbikira za ammonia.

Ndiye muchite chiyani? Sabata ino pitani kusikelo ndi mabuku a kuchipatala a ana awiri aja ngati munawasunga, pamodzi ndi lanu. Musangonena kuti ana anamwalira. Fotokozani monga mwandilemberamu, tsiku ndi tsiku, ndipo nenani kuti amuna anu ndi msuweni wanu. Pemphani kuti zilembedwe m'buku ndi kuti muonane ndi dokotala pa chipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku St Montfort ku Nchalo, akulembereni kalata yopita nayo ku Gulupu mukadali woyembekezera, kuti azamba ndi madokotala a ana akudziweni n'kugwirizana zodzachita. Amayi a ku Nsanje amene ali ndi nkhani yofanana ayambire pa chipatala cha boma kapena ku Trinity ku Muona. Amuna anu apite nawo, amve ndi makutu awo kuchokera kwa dokotala. Mawu a kuchimuna aja amazizira msanga mwana wawo akawafotokozera yekha.

Langizo langa ndi lakuti mukachirire ku Blantyre, ndipo mupite msanga. Januwale si mwezi woukhulupirira kuchigwa kuno. Mukukumbuka momwe namondwe wotchedwa Ana anadulira msewu wa M1 mu Januwale 2022, ndi za Freddy mu Malichi 2023. Mimba ikafika masabata 36 mukhale muli kumtunda, kwa achibale kapena kuchidikiro. Mukachira musathamangire kutuluka ngakhale mwana akuoneka bwino chotani, popeza abale ake aja nawo ankaoneka bwino. Mukhale m'chipatala kapena pafupi nacho sabata yonse yoyamba, ngati n'kotheka masabata awiri. Madokotala adzayeza shuga pafupipafupi, ammonia ndi asidi mwana akatha tsiku limodzi n'kubwerezanso, kenako kapepala ndi mkodzo. Za kayamwitsidwe adzakuuzani iwo. Nthawi zambiri mwana amayamwa akuyang'aniridwa, koma akakayikira kwambiri za ammonia amatha kuyamba ndi dripi ya shuga n'kumalowetsa mkaka pang'onopang'ono. Inu panokha musamumane mwana bere chifukwa cha zimene mwawerenga pano. Mwana womanidwa bere kumudzi amafa ndi njala, shuga wotsika ndi kutsegula m'mimba msanga kuposa matenda osowawa. Ngati madokotala aimitsa kuyamwa kwa tsiku limodzi kapena awiri, muzifinya mkaka kuti usaume.

Sindikubisirani, si onse amene timatha kuwachiza. Ena chithandizo chake n'chapafupi modabwitsa. Wa galactosaemia amasiya mkaka wa m'mawere ndi wa ng'ombe n'kumamwa wa m'chitini wopangidwa ndi soya, ndipo chiwindi chimachira. Wa CAH amamwa hydrocortisone ndi fludrocortisone tsiku lililonse, ndi mchere pang'ono akadali khanda, n'kukula mpaka kudzakwatira. Ena amangofuna vitamini monga biotin, B6 kapena B12. Amene thupi lawo limalephera kugwiritsa ntchito mafuta lamulo lawo ndi losakhalitsa ndi njala, makamaka akadwala malungo. Chithokomiro chosagwira ntchito, chimene nthawi zambiri si chakumtundu koma chimayezedwa pa kapepala komweko, chimafuna kapiritsi ka levothyroxine koyambidwa m'masabata awiri oyambirira, ndipo mwana amene akanakhala wozerezeka amakula ndi nzeru zake zonse. Koma a ammonia ndi a asidi aakulu aja ndi ovuta. Amafuna mkaka wapadera woitanitsa kunja, mankhwala monga sodium benzoate, arginine ndi carnitine, kuyeza magazi pafupipafupi, nthawi zina makina osefa magazi kapena kuika chiwindi china. Ngakhale kumaiko olemera ena sapulumuka. Chimene chimasintha zinthu n'chakuti mwana wodziwika asanakomoke ubongo wake umatetezeka kwambiri kuposa wopezeka atakomoka kale.

Pali mawu ena ovuta amene ndiyenera kunena, kwa inu ndi kwa mabanja ena owerenga. Zikavuta mwana n'kutisiya, madontho ochepa a magazi pa kapepala ndi mkodzo pang'ono, zotengedwa asanamwalire kapena atangomwalira kumene, zikhoza kutchula dzina la nthenda. Anthu ambiri amakana, akuti mwana wavutika kale, ndipo ndimawamvetsa. Koma dzinalo ndi limene limatsegula njira yoyezera makolo, abale ndi mimba zam'tsogolo.

Mwana akadzabadwa, kaya muli ku Blantyre kaya mwabwerera kumudzi, zizindikiro izi zisakugonetseni m'nyumba: kukana bere kawiri motsatizana, kuvuta kudzutsa, kusanza chilichonse, kupuma kopitirira ka 60 pa mphindi kapena kobuula, thupi kuzizira kapena kutentha, kugwedezeka kwa manja, milomo kapena maso, liwombo kutukuka, fungo lachilendo, chikasu cha tsiku loyamba, chofika m'manja ndi kumapazi, kapena chopitirira masabata awiri. Chikasu chokhala ndi chimbudzi choyera ngati phulusa ndi cha changu kwambiri. Musayambe mwamumwetsa zitsamba kapena kudikira kuti kuche. Timibulu toyera tonunkha toika m'zovala kuthamangitsa njenjete tichotseni m'chikwama cha mwana, chifukwa ana amene ali ndi vuto la m'magazi lotchedwa G6PD, lofala kwambiri mwa anyamata kuno kwathu, timibuluti timawaswera magazi n'kuwabweretsera chikasu choopsa. Pofika kuchipatala, musanafunsidwe n'komwe, nenani kuti abale ake awiri anamwalira chimodzimodzi, muonetse zimene madokotala a ku Gulupu analemba m'buku, ndipo mupemphe kuti ayeze shuga ndi kusunga magazi ndi mkodzo pomwe akuyamba chithandizo.

Za kusagona kwanuko, muuzeni mzamba pa ulendo womwewu wa kusikelo. Mayi amene anataya ana awiri akakhalanso ndi pakati nkhawa imamukulira, ndipo pali anamwino ophunzira za maganizo amene angakuthandizeni. Mphwanu wa unamwino uja mutengeni popita ku Blantyre, akathandize kulemba zimene madokotala adzanene ndi manambala a foni oimbira mukadzabwerera kuchigwa.